Goloboyi, ng'ombe ya pangolo ndi njira ya ku Songo

Mvula ikakata ku Ntengo-Wambalame, aliyense amadziwa kuti zinthu ziwiri zayandikira: kukumba kachewere ndi mpira wa miyendo. Udzu wa pabwalo la sukulu umakhala utafika m'mawondo, mitengo ya magolo itadyedwa ndi chiswe, ndipo anyamata amalawirira Loweruka ndi zikwakwa kukatchetcha. Nyengo imeneyi ndi imene bambo ena a m'mudzi wa kufupi ndi msika amatulutsa kope lawo lakale, lothothoka chikuto, ndi kuyamba kulemba maina a osewera.

Bambowa ali ndi zaka zopitirira 50. Ana ndi akulu omwe amangowatchula kuti a kochi, ngakhale kuti sadapiteko kusukulu ya ukochi ndipo palibe amene amawalipira. Ntchito yawo yeniyeni ndi ulimi. Koma timu ya m'mudzimo ili m'manja mwawo, pamodzi ndi mipira iwiri, mpope, wezulo ndi thumba la majezi limene amasunga kunsi kwa kama.

Chaka chatha m'kopemo mudali maina 18. Chaka chino atawerenga bwinobwino adapeza 12. Anyamata awiri adapita ku Johannesburg kukasaka ganyu. Wina ali ku Furancungo, m'boma la Macanga, kuntchito ya fodya. Wotchinga kumbuyo wamtali uja, amene mipira yonse ya m'mwamba inkathera pamutu pake, adakwatira ku Ntcheu ndipo ali pachikamwini, akusewerera timu ya kwa apongozi. Wina bondo lidamukana. Womaliza adagula njinga yamoto, ndipo akuti Lamulungu masana, nthawi ya mpira, ndi pamene kabaza amapeza ndalama.

"Ku matimu akuluakulu wosewera akachoka pamalowa ndalama," amatero a kochi uku akuseka. "Kuno wosewera akachoka amachoka ndi jezi yomwe."

Komabe mtima wawo udali m'malo, chifukwa dzina loyamba m'kopemo lidalipobe. Ndi la mwana wa mlongo wawo, goloboyi wa zaka 17, wamtali ndi wa manja akuluakulu. Chaka chatha, pa mpikisano wa pa 25 June, tsiku lokumbukira ufulu, mnyamatayu adagwira mapenate atatu, timu n'kubwera kumudzi ndi mbuzi. Malinga ngati iye ali pagolo, a kochi sankaopa timu iliyonse ya m'deralo.

Mpira a kochi adaudziwira kuchilendo. Mu 1986, nkhondo itafika povuta ku Angónia ndi ku Tsangano, banja lawo lidawoloka malire ndi kukakhala m'boma la Ntcheu, monga adachitira anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene adathawira ku Malawi zaka zimenezo. Iwo adali mnyamata wa zaka 12. Kumeneko ndi kumene adaphunzira kumanga chikulunga ndi kukhala chete pafupi ndi wailesi ya eni ake, kumvera MBC Bata Bullets ikamakumana ndi Wanderers. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, adabwerera kwawo chaka chotsatira. Adapeza nyumba zitagwa, minda itasanduka tchire. Bwalo la mpira adalilambula ndi anzawo asadamalize n'komwe kufolera nyumba, ndipo mayi awo adawakalipira sabata yathunthu.

Kuyambira pamenepo khutu lawo limodzi lili ku Malawi, lina lili ku Rádio Moçambique ya ku Tete. Kwa zaka zambiri chiyembekezo cha chigawo chonse chidali pa Chingale ya mumzinda wa Tete. Mu 2008 Chingale idafika mpaka masewero otsiriza a chikho cha Taça de Moçambique koma idagonja kwa Atlético Muçulmano, ndipo a kochi akuti tsiku limenelo nsima sadaikhudze. Ukatswiri wa ligi ya dziko lonse, imene lero imatchedwa Moçambola, unkaoneka ngati chuma cha anthu a ku Maputo. Kuchokera mu 1976 mpaka 2016, matimu a zigawo zina amene adautengako adali anayi okha: Textáfrica ya ku Chimoio mu 1976, Têxtil do Púnguè ya ku Beira mu 1981, Ferroviário de Nampula mu 2004 ndi Ferroviário da Beira mu 2016.

Kenaka kudatulukira Songo. Iyi ndi timu ya m'tauni ya pamwamba pa damu la Cahora Bassa, yothandizidwa ndi kampani ya magetsi ya HCB. Kale inkadziwika kuti HCB de Songo, koma tsopano ndi União Desportiva do Songo. Mu 2016 idatenga Taça de Moçambique. Mu 2017, mphunzitsi wake ali Chiquinho Conde, idatenga ligi, ndipo aka kadali koyamba kuti ukatswiri wa dziko ubwere m'chigawo cha Tete. Mu 2018 idabwereza ili ndi Nacir Armando, ndipo chaka chomwecho idafika m'magulu a chikho cha CAF Confederation Cup, mmene idakumana ndi RS Berkane ya ku Morocco, Al Masry ya ku Egypt ndi Al Hilal ya ku Sudan. Mu 2019 idatenganso Taça, ndipo mu 2022 idatenganso ligi ili ndi Srdjan Zivojnov wa ku Serbia.

Tsono chaka ndi chaka, miyezi ya dzinja ligi ikapuma, pakhonde la golosale pamsika pamakhala mtsutso umodzi wokha. Songo yagula ndani? Yataya ndani? Kodi chaka chino itenganso? Achinyamata amabwera ndi maina amene aona pa Facebook, ena oona, ena a mphekesera. A kochi amawasiya alankhule mpaka malovu atauma, kenaka amanena zawo zomwe zija.

Iwo amati timu ili ngati nyumba: ungasinthe udzu chaka chilichonse, koma mzati ndi phaso usazigwedeze. Goloboyi, wotchinga pakati kumbuyo, wogawa mipira pakati ndi womwetsa zigoli, anthu anayi amenewa akakhalapobe, timu ilipo. Umboni wawo ndi woti mu 2017, 2018 ndi 2022 Songo idapambana ndi aphunzitsi atatu osiyana, kusonyeza kuti mphamvu sidali mwa munthu mmodzi wokhala pabenchi. Chachiwiri amati muziwerenga osewera apanja, osati 11 oyamba okha. Dziko la Mozambique ndi lalitali. Kuti Songo ikasewere ku Maputo, ku Nampula kapena ku Lichinga, imayamba yatsika mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kufika ku Tete, ulendo weniweni usadayambe. Timu yopanda anthu awiri pamalo alionse imafika mwezi wa September miyendo italema. Chachitatu amati musamaiwale kuti anzanu nawonso sagona. Costa do Sol idatenga ligi mu 2019, Black Bulls mu 2021 ndi mu 2024, Ferroviário da Beira mu 2023. Amene akufuna kudziwa za chaka chikubwerachi ayang'ane kaye mizati ya matimu amenewa, osati chithunzi cha mlendo mmodzi atanyamula jezi yatsopano.

Chimene chimawasangalatsa kwambiri anthu a m'malire ndi chakuti Songo yakhala ikulemba osewera a ku Malawi. Goloboyi Charles Swini wochokera ku Silver Strikers adagwirako pagolo la Songo. Frank Banda, Schumacher Kuwali ndi John Banda nawonso adavalako jezi yake. Mu January 2022, pamene Flames idafika m'ndime ya matimu 16 pa chikho cha Africa ku Cameroon ndi kugonja 2-1 kwa Morocco, John Banda adapita kumeneko ali wosewera wa Songo. Munthu wa ku Ntengo-Wambalame, amene azakhali ake ali ku Lizulu ndipo agogo ake adaikidwa ku Biriwiri, amanyadira kawiri.

Nkhani zimenezi zidali zongocheza, mpaka tsiku lina la msika pamene kudabwera mlendo. Adavala nsapato zosongoka, adali ndi mafoni awiri, ndipo m'foni imodzi mudali zithunzi zake ataima ndi anyamata ovala majezi okongola. Madzulo adaima pambali pa bwalo kuonerera anyamata akuphunzira mpira. Sadalankhule ndi a kochi. M'mawa mwake adalunjika kunyumba kwa mayi a goloboyi uja.

Adawauza kuti mwana wawo ali ndi golide m'manja, ndipo kumusunga kumudzi ndi tchimo. Adati iye amatenga anyamata kupita nawo ku South Africa kukayesedwa ku matimu akuluakulu. Zofunika ndi mametikali 25,000 a ulendo ndi chakudya. Za pasipoti asade nkhawa, njira akuidziwa. Galimoto inyamuka pakatha masabata awiri.

Mayiwa ndi amasiye. Amuna awo adawasiyira ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Nyengo yokumba kachewere ngoloyo imatuta matumba a anthu kuchokera kumadimba ndi kuminda kupita nawo kumsewu, ndipo ndalama ya feteleza, ya sopo ndi ya makope a ana imachokera pamenepo. Dzuwa litapendeka adapita kwa mlongo wawo, nakhala pansi pamphasa.

"Achimwene, ndabwera kudzakuuzani kuti ndikufuna kugulitsa ng'ombe imodzi."

"Ya pangolo ija, achemwali? Nanga inzakeyo idzakoka ndi yani?"

"Mwana wanuyu wapeza mwayi. Munthuyo akuti akangofika kumeneko, miyezi itatu yokha adzagula ng'ombe khumi. Koma inu ndinu mwini mbumba. Popanda mawu anu sindigulitsa."

A kochi adapempha masiku atatu. Usiku umenewo tulo sitidabwere. Mlendoyo sadamukhulupirire, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Koma padali chinthu china chimene chinkawaluma koposa. Adadzifunsa ngati akukana chifukwa chokonda mwanayo kapena chifukwa chokonda kope lawo. Popanda goloboyi ameneyu timu yawo ikhala ngati nkhokwe yopanda denga. Adakumbukiranso kuti iwo eni, ali ndi zaka 19, anthu ankati ali ndi mwendo wamanzere wosowa, koma padalibe amene adawaonetsa njira, ndipo mwendowo udathera m'mizere ya kachewere. Akulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kodi iwo akhale munthu wotseka dziwe?

Kutacha adakwera njinga kupita ku Ulongwe, kwa mphunzitsi wina wa sukulu amene amaimbiranso mpira ndipo amadziwa malamulo. Zimene adamva kumeneko n'zofunika kuti kholo lililonse la m'malire lizidziwe.

Choyamba, bungwe la FIFA, limene limayang'anira mpira padziko lonse, sililola kuti mwana wosakwana zaka 18 asamutsidwe kukasewera m'dziko lina. Pali zifukwa zochepa zimene amalolera. Chimodzi ndi pamene makolo asamukira kudzikolo pa zifukwa zosakhudza mpira. China chimakhudza anthu a m'malire: ngati mwana akukhala pamtunda wosapitirira makilomita 50 kuchokera pamalire, timunso ili pamtunda wosapitirira makilomita 50 tsidya linalo, mwanayo akhoza kusewerako akugona kwawo, mabungwe a mpira a maiko awiriwo atavomereza. Ndiye kuti timu ya ku Dedza kapena ya ku Ntcheu ikhoza kukambirana za mwana wa ku Tsangano. Koma Johannesburg ayi.

Chachiwiri, wosewera wolembedwa sachoka dziko lina kupita lina popanda kalata yomusamutsa, yochokera ku bungwe la mpira la kwawo. Kuno bungwelo ndi Federação Moçambicana de Futebol. Swini ndi a Banda aja adawoloka ndi makalata otere, ndi mgwirizano wolembedwa wonena malipiro awo ndi zaka zimene adzasewere.

Chachitatu, munthu woyendetsa nkhani za kugula ndi kugulitsa osewera amayenera kukhala ndi chiphaso cha FIFA. Ndipo timu yoona ikafuna kuyesa mnyamata imalemba kalata yomuitana, yokhala ndi dzina la timu, tsiku ndi malo.

Chachinayi chidawadabwitsa a kochi. Wosewera akagulidwa ndi timu ya dziko lina mgwirizano wake usadathe, magawo 5 pa 100 alionse a ndalamazo amagawidwa kwa matimu amene adamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Koma amalandira ndi matimu okhawo amene ali m'kaundula wa bungwe la mpira, amene adalembetsa mwanayo ndi dzina lake ndi tsiku lake lobadwa. Kope la kunsi kwa kama silidziwika ku FIFA.

"Ndiye kuti zaka zonsezi takhala tikulima m'munda wopanda malire," adatero a kochi.

"N'chimodzimodzi, bambo," adayankha mphunzitsiyo. "Nanga mwanayo chitupa ali nacho?"

Adalibe. Adabadwira m'nyumba, ndipo pepala lokhalo limene lidali ndi dzina lake lidali khadi la sikelo la kuchipatala cha tsidya lina la malire.

Tsiku lachitatu a kochi adaitanitsa mlendo uja, nakhala naye pansi pa mtengo pamaso pa a nyakwawa ndi mlongo wawo. Adamulandira mwaulemu, namufunsa mafunso anayi. Timu imene ikufuna mwanayu dzina lake ndani? Kalata yomuitana ili kuti? Chiphaso chanu cha ntchitoyi tingachione? Nanga poti mwanayu ali ndi zaka 17 ndipo alibe pasipoti, akakagwidwa panjira tidzafunse yani?

Mlendoyo adaseka. Adati matimu ndi ambiri, akasankha akafika. Adati makalata ndi zinthu zachikale, masiku ano zonse zimayenda pafoni. Atafunsidwanso kachiwiri adakwiya, nanena kuti anthu akumudzi ndi chifukwa chake satukuka, ndipo anyamata ofuna mwayi ndi ambiri. Adanyamuka osatsazika. Patapita sabata kudamveka kuti watenga mnyamata wa m'mudzi wina, makolo ake atagulitsa nkhumba zitatu ndi matumba a feteleza. Makolowo akudikirabe foni.

Wina angaganize kuti nkhani idathera pomwepo, aliyense n'kuthokoza a kochi. Sizidatero. Goloboyi uja adasiya kubwera kubwalo. Akakumana ndi malume ake panjira ankapereka moni wa pakamwa pokha, maso ali kumbali. Masabata awiri adatha. Tsiku lina a kochi adamupeza akusankha mbewu ya kachewere kuseri kwa nyumba, nakhala pambali pake ndi kuyamba kusankha nawo.

"Malume, mwanditsekera njira," adatero mnyamatayo osadzutsa mutu. "Mukufuna ndizikugwirirani mpira wa mbuzi mpaka ndikalambe."

Mawuwa adalasa, chifukwa adagunda pomwe padali bala. A kochi adakhala chete kanthawi, kenaka adamufunsa ngati akuidziwa bwino nkhani ya Luís Miquissone. Mnyamatayo adati palibe amene samudziwa.

"Umadziwa zigoli zake," adatero a kochi. "Tamvera njira yake."

Miquissone adabadwa mu 1995 ku Angónia, dera loyandikana ndi Tsangano, kumene anthu amadya nsima yomweyi ndi kumva chisanu chomwechi. Ndi wamfupi, woti pamsika ungamupitirire osamuona. Adayamba wadziwika m'chigawo chake chomwe, ndipo adali m'gulu la Songo limene lidatenga ligi mu 2017. Mu 2018 adagulidwa ndi Mamelodi Sundowns ya ku South Africa. Kumeneko zinthu sizidayende monga anthu ankayembekezera. Adabwereketsedwa ku Chippa United, kenaka ku Royal Eagles, ndipo mu 2019 adabwerera ku Songo. Ena adati watha.

Koma mu August 2019 Songo idakumana ndi Simba ya ku Tanzania m'chikho cha akatswiri a mu Africa. Masewero oyamba adatha 0-0. Achibwereza ku Dar es Salaam adatha 1-1, chigoli cha Songo adamwetsa ndi Miquissone, ndipo Simba idatuluka pakhomo pake pomwe. Eni ake a Simba sadaiwale amene adawaliza. Mu January 2020 adamulemba. Mu February 2021 adamwetsa chigoli chimene Simba idagonjetsera Al Ahly ya ku Egypt 1-0, ndipo chaka chomwecho Al Ahly nayo idamugula. Adapitanso ku Abha ya ku Saudi Arabia mobwereketsedwa, mu 2023 adabwerera ku Simba, ndipo mu 2024 adabwereranso ku Songo.

"Waona?" adatero a kochi. "Munthuyu ku South Africa adagwa. Koma poti adatuluka pakhomo, ndi dzina lake ndi makalata ake, adali ndi kobwerera, adadzukanso. Ndipo palibe timu imene idamugula chifukwa cha chithunzi cha pafoni. Amene adamugula ndi amene adamuona akuwamwetsa. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, mwana wanga. Ine sindikukuletsa kupita. Ndikukuletsa kusowa."

Mnyamatayo sadayankhe. Koma manja ake adasiya kuponya mbatata mwaukali.

"Nanga ine ndidumphe kuchokera pati, malume?"

"Uyambire pa chitupa."

Sabata yotsatira a kochi adagulitsa matumba anayi a kachewere wawo, nakwera galimoto ndi mnyamatayo, mayi ake ndi mboni kupita ku Tsangano kukalembetsa kubadwa kwake, kuti pambuyo pake atenge Bilhete de Identidade. Adagwirizananso ndi mphunzitsi wa ku Ulongwe uja kuti mnyamatayo akakhale kwa wachibale kumeneko, azipita kusukulu, ndi kumasewera mu timu yolembetsedwa ku bungwe la mpira la chigawo cha Tete, kumene dzina lake lidzalowa m'kaundula ndipo anthu odziwa mpira adzamuona. Palibe amene adamulonjeza Songo. Njira ya kumeneko ndi yaitali: kutsika phiri mpaka ku Moatize, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenaka kukweranso mapiri a Cahora Bassa. Anyamata ambiri aluso amathera panjira. Koma ndi msewu wodziwika, ndipo amene walephera amatha kubwerera kwawo masana, anthu akuona.

Atabwerako ku Tsangano, a kochi adatulutsa kope lija usiku pa nyali, nadula mzere pa dzina loyamba ndi dzanja lawo lomwe. Akazi awo akuti adakhala nthawi yaitali akuliyang'ana.

Tsono chiyembekezo cha timu ya m'mudzimo chaka chino n'chotani? A kochi sabisa. Atsala ndi akuluakulu 11, ndipo awonjezapo tiana tisanu ta zaka 14 ndi 15. Kutsogolo kuli bwino, chifukwa womwetsa zigoli wawo adakana kupita ku Johannesburg kaamba koti mkazi wake ndi woyembekezera. Pakati pali mphamvu koma palibe wogawa mipira modekha. Kumbuyo n'kumene kuli dzenje. Goloboyi watsopano ali ndi zaka 14, mipira ya pansi amagwira bwino, koma ya m'mwamba amatsinzina. Pakhonde la golosale ena ayamba kale kuseka kuti mbuzi ya pa 25 June chaka chino ikadyedwa kumudzi wina.

"Mwina ikadyedwadi kwina," amavomera a kochi. "Mbewu ukaidya yonse chaka chimodzi, chaka chamawa udzala chiyani?"

Chimene chasintha ndi kope. Patsogolo pa dzina lililonse tsopano pali tsiku lobadwa, dzina la kholo, ndi chizindikiro chosonyeza ngati mwanayo ali ndi chitupa kapena ayi. Pa 16 amene alembedwa, asanu ndi awiri alibe. A nyakwawa alonjeza kuti nkhaniyi aikamba pamsonkhano wa mudzi, ndipo a kochi akufufuza zimene zimafunika kuti timu yawo ilembetsedwe. Akuti ngakhale atapanda kudzaona ndalama ya FIFA ndi maso awo, adzaiona amene adzatenge kopelo iwo atapita.

Inu makolo a ku Tsangano, a ku Macanga ndi a tsidya la Ntcheu ndi Dedza, nyengo ya mpira yafika, ndipo alendo a nsapato zosongoka ayambanso kuima m'mbali mwa mabwalo. Ena mwa iwo akhoza kukhala oona. Woona sakwiya akafunsidwa dzina la timu, kalata ndi chiphaso. Safunsa adadya phula.

Lamulungu lapitali anyamata adali pabwalo kukonzekera masewero oyamba. Pamsewu wa m'mbali mwa sukulu padadutsa ngolo yodzaza ndi matumba a kachewere, ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri. Kuseri kwa golo kudaima mnyamata wamtali uja, amene anyamuka kupita ku Ulongwe mwezi ukubwerawu. Ankaponyera kamnyamata ka zaka 14 mipira ya m'mwamba, umodziumodzi, uku akukauza kuti, "Usatsinzine, iwe! Uyang'ane mpaka ufike m'manja." A kochi adali pakati pa bwalo, wezulo pakamwa, kope m'thumba la jekete, ndipo sadatembenuke. Koma amene adali pafupi akuti wezuloyo idachedwa kulira.